Kabotolo ka mkodzo kamene kamaimitsa thiraki ku America

Mumzinda wa Denver, m'chigawo cha Colorado ku America, munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo amalowa m'sitolo, kuonetsa chiphaso chake, n'kugula chamba ngati mmene ife timagulira shuga pagolosale. Amamupatsa risiti, boma limadulapo msonkho wake, ndipo wapolisi akamuona akutuluka ndi kathumba m'manja samufunsa kanthu. Komatu mumsewu waukulu wa Interstate 70, umene umadutsa mumzinda womwewo, mumayenda mathiraki amene madalaivala ake sangayerekeze kulowa m'sitoloyo. Dalaivala akasuta chamba chomwecho Loweruka ali kunyumba kwake, ntchito ikhoza kumuthera Lachinayi, ali bwinobwino, mutu ukugwira, chiwongolero chili m'manja mosagwedera.

Anthu ambiri akamva zimenezi amati pali chinyengo penapake. Chinyengo palibe. Pali maboma awiri amene amalamulira munthu mmodzi, ndiponso pali njira yoyezera imene imaona zimene munthu anachita masiku apitawo osati mmene alili lero. Zinthu ziwirizi zikakumana, dalaivala ndi amene amapsa.

America ili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo. California ndi imene inayamba kulola chamba ngati mankhwala mu 1996. Colorado ndi Washington zinalola kusuta kongosangalala mu 2012, ndipo pano pafupifupi theka la zigawo zonse zinatsatira. Koma pamwamba pa zigawozi pali boma lalikulu la ku likulu la dzikolo, Washington DC, limene mu 1970 linaika chamba m'gulu la mankhwala oletsedwa kwambiri lotchedwa Schedule I, gulu limodzi ndi heroin. Mu 2024 bomalo linayamba ndondomeko yoti chamba chitsitsidwe kupita m'gulu lopepukirapo, ndipo nkhaniyo inadzetsa chiyembekezo pakati pa madalaivala. Chimene ambiri sankachiona n'chakuti malamulo oyezera ogwira ntchito zamtengatenga ndi apadera, ndipo amatchula chamba ndi dzina lake pamndandanda wa zinthu zofunika kuyeza.

Laisensi yoyendetsera galimoto zikuluzikulu, imene amaitcha CDL, imaperekedwa ndi chigawo chimene munthu amakhala, koma malamulo ake amachokera ku boma lalikulu kudzera ku unduna wa zamtengatenga, DOT, ndi nthambi yake yoona za mathiraki ndi mabasi, FMCSA. Aliyense woyendetsa galimoto yolemera mapaundi 26,001 kupita m'tsogolo, omwe ndi matani pafupifupi 12, kapena basi yonyamula anthu 16 kuphatikizapo dalaivala, kapena galimoto yonyamula katundu woopsa ngati mafuta ndi gasi, ali pansi pa malamulowa. Undunawu unalengeza mu 2009 kuti kalata ya dokotala yolola munthu kugwiritsa ntchito chamba ngati mankhwala ilibe mphamvu kwa anthu amenewa, ndipo mu 2012 unabwerezanso mawu omwewo pa za kusuta kongosangalala. Ngakhale dalaivala wa ku Canada, kumene chamba chinaloledwa m'dziko lonse mu October 2018, akamadutsa malire ndi katundu kulowa mu America amayezedwa ngati wina aliyense.

Kumene zinayambira

Malamulowa anabadwira panjanji. Pa 4 January 1987, m'dera la Chase m'chigawo cha Maryland, mitu itatu ya sitima za kampani ya Conrail inadutsa zizindikiro zoti iime n'kulowa munjanji imene munkabwera sitima ya anthu ya Amtrak pa liwiro lalikulu. Anthu 16 anafa. Zinadziwika kuti woyendetsa mitu ya sitimayo, Ricky Gates, anali atasuta chamba ndi mnzake ali pantchito, ndipo pambuyo pake anakakhala kundende. Mu 1989 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula kuti kuyeza ogwira ntchito zanjanji sikuphwanya ufulu wawo, poti miyoyo ya anthu ambiri ili m'manja mwawo. Mu August 1991 sitima yapansi panthaka ku New York inachoka munjanji pa Union Square n'kupha anthu asanu, woyendetsa ataledzera mowa. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lokakamiza kuyeza oyendetsa ndege, sitima, mabasi ndi mathiraki.

Ndatchula mbiriyi chifukwa n'kosavuta kuiwala kuti kumbuyo kwa lamuloli kuli maliro enieni. Thiraki yodzaza ku America imaloledwa kufika mapaundi 80,000, matani 36. Chinthu chotere chikakana kuima, amene ali kutsogolo kwake safunsidwa maganizo. Choncho palibe munthu wanzeru amene amatsutsa zoti dalaivala woledzera chamba achotsedwe pamsewu. Mkangano uli pa funso lina: kodi kuyezako kumagwira woledzera, kapena kumagwira aliyense amene anasutapo?

Tsiku loyezedwa

Dalaivala amayezedwa asanalembedwe ntchito, ndipo sangakhudze thiraki ya kampani zotsatira zisanabwere. Amayezedwa pakachitika ngozi imene yapha munthu, kaya iye walakwa kapena ayi. Ngati palibe wafa koma wina wapita naye kuchipatala kapena galimoto yachita kukokedwa, amayezedwa pokhapokha apolisi atamulemba mlandu wa pamsewu. Pa ngozi zotere mowa uyenera kuyezedwa pasanathe maola 8, mankhwala ozunguza bongo pasanathe maola 32. Amayezedwanso bwana wake amene anaphunzitsidwa kuona zizindikiro akamukayikira: maso ofiira, fungo, kulankhula kolobodoka.

Koma kumene kumagwetsa ambiri ndi kuyeza kwadzidzidzi. Mayina a madalaivala onse a kampani amalowa m'kompyuta, ndipo kompyutayo imasankha mwamaere. Kuyambira 2020, chiwerengero cha kuyezedwa kwa mankhwala pachaka chiyenera kufika theka la madalaivala a kampaniyo, pamene cha mowa ndi 10 pa 100 alionse. Dzina likatuluka limabwereranso m'maere, ndiye wina amatha kuitanidwa katatu chaka chimodzi mnzake osaitanidwa zaka zinayi. Ngakhale munthu amene ali ndi thiraki yakeyake, bwana ndi iye yemwe, amakakamizidwa kulowa m'gulu la anzake kuti dzina lake lizikhala m'maere. Chakudza sichiimba ng'oma: uthenga umangolowa pafoni uli pamalo opumulira mathiraki, wakuti siya zonse upite kumalo oyezera akutiakuti. Kuzengereza panjira, kaya ukuti umafuna udye kaye, kukhoza kuwerengedwa ngati kukana.

Tiyeni tilowe m'chipindamo. Dalaivala amaonetsa chiphaso chokhala ndi chithunzi, amavula jekete ndi chipewa, amakhuthula zonse za m'matumba patebulo, n'kusamba m'manja woyang'anira akuona. M'chimbudzi madzi athiridwa utoto wabuluu kuti wina asatungemo n'kusakaniza, ndipo mpopi watsekedwa. Amamupatsa kapu yomata ndi kumuuza kuti pakufunika mamililita 45. Akatuluka, woyang'anira ali ndi mphindi zinayi zoti aone kachingwe kosonyeza kutentha kamene kali m'mbali mwa kapuyo. Mkodzo wongotuluka kumene m'thupi umakhala pakati pa madigiri 32 ndi 38. Ukazizira kuposa apo, ndiye kuti mwina unabwera m'kabotolo kobisa m'sokosi, ndipo dalaivalayo amabwereza pomwepo, ulendo uno munthu wina wamwamuna mnzake, kapena wamkazi ngati ndi mayi, ataima pambali kuonerera. Kenako mkodzo umagawidwa m'mabotolo awiri, 30 m'botolo A ndi 15 m'botolo B, amamatidwa, dalaivala n'kulembapo zilembo zoyamba za dzina lake.

Nanga mkodzo ukakana kubwera? Zimachitika, makamaka munthu akachita mantha. Amamukhazika pampando, kumupatsa madzi osapitirira lita imodzi ndi pang'ono, ndi kumudikira mpaka maola atatu. Akalephera amakaonana ndi dokotala pasanathe masiku asanu, ndipo dokotalayo akapanda kupeza matenda ofotokoza vutolo, zimalembedwa kuti wakana. Apa ndi pamene ena amadzipweteka okha. Munthu watopa kudikira, katundu akuchedwa, akuti ndibweranso mawa, n'kutuluka. Kutuluka ntchito isanathe ndi kukana, ndipo chilango cha kukana n'chimodzimodzi ndi cha kupezeka ndi chamba.

Ku labotale amafufuza magulu asanu: chamba, cocaine, amphetamine ndi abale ake, mankhwala opha ululu a mtundu wa opioid, ndi mankhwala ena ozunguza bongo otchedwa PCP. Botolo A likasonyeza kanthu, zotsatira sizipita kwa bwana nthawi yomweyo. Zimayamba zafika kwa dokotala wapadera amene amamutcha MRO, ndipo iyeyu amaimbira foni dalaivala kumufunsa ngati pali chifukwa chomveka. Wopezeka ndi opioid akaonetsa kuti dokotala anamulembera mankhwalawo atachitidwa opaleshoni, zotsatira zikhoza kulembedwa kuti alibe mlandu. Wopezeka ndi chamba akaonetsa khadi la chigawo chake lomulola kuchigwiritsa ntchito pa ululu wamsana, MRO saloledwa kulilandira. Chotsalira n'kupempha, pasanathe maola 72, kuti botolo B likayezedwe ku labotale ina. Koma poti mkodzo ndi womwewo, kawirikawiri yankho limakhalanso lomwelo.

Chimene kabotoloko kamaona

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi bwino kuyerekeza ndi mowa. Mowa umasungunuka m'madzi a m'thupi, umafalikira mofanana, ndipo chiwindi chimauchotsa pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika. Kuchuluka kwa mowa mu mpweya umene munthu wauzira m'kachipangizo kumayenda limodzi ndi kuledzera kwake nthawi imeneyo. N'chifukwa chake malamulo a mowa kwa madalaivala a mathiraki ndi omveka: osamwa maola anayi usanayambe ntchito, kachipangizo kouzira kakasonyeza 0.04 waphwanya lamulo, ukakhala pakati pa 0.02 ndi 0.039 upume maola 24. Munthu akhoza kumwa mpaka kugwa Loweruka usiku, Lolemba n'kuuzira bwinobwino, ntchito ili chikhalire.

Chamba sichitero. Chimene chimaledzeretsa m'chamba ndi THC, ndipo THC imakonda mafuta osati madzi. Munthu akasuta, imakwera m'magazi m'mphindi zochepa, n'kutsikanso mofulumira pamene ikukabisala m'mafuta a m'thupi. Kuledzera kumatha pakapita maola angapo, ngakhale kwa wodya chamba m'makeke kapena m'maswiti kumachedwa kuyamba ndiponso kutha. Koma mafuta aja amapitiriza kutulutsa THC pang'onopang'ono, chiwindi n'kumaisandutsa chinthu china chotchedwa THC-COOH, chimene impso zimatayira mumkodzo. THC-COOH siledzeretsa. Ndi phulusa chabe, losonyeza kuti pamenepa panayakapo moto. Ndipo phulusa limeneli ndi limene labotale imafufuza: ikapeza mananogalamu (tizigawo tating'ono kwambiri ta galamu) 50 pa mililita imodzi pa kuyeza koyamba, imayezanso ndi makina olondola kwambiri, ndipo pamenepo 15 okha akwana kuti munthu agwe.

Wosuta kamodzi patalipatali phulusalo limamuthera pakatha masiku awiri kapena atatu. Wosuta tsiku ndi tsiku limatha kumukhalira milungu ingapo, ena kupitirira mwezi, malinga ndi thupi lake. Ndiye taonani zodabwitsa zake. Cocaine ndi methamphetamine, zimene zimachititsa dalaivala kuyenda usiku wonse osagona mpaka ubongo kusokonekera, zimachoka mumkodzo pakangopita masiku ochepa. Chamba, chimene munthu anasuta patchuthi milungu iwiri yapitayo, chimakhala chikumudikirabe. Ukonde umenewu umakola kwambiri nsomba imene imachedwa kuthawa, osati imene ili yoopsa kuposa zonse.

Wina anganene kuti bwanji osangoyeza magazi. Nakonso kuli vuto. Bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu, NHTSA, linauza nyumba ya malamulo mu 2017 kuti kuchuluka kwa THC m'magazi sikugwirizana bwino ndi kuledzera kwa munthu. Wosuta wachizolowezi akhoza kukhala ndi THC m'magazi ali bwinobwino, pamene wongoyamba kumene akhoza kukhala atazunguzika THC itatsika kale. Zigawo ngati Washington zinaika malire a mananogalamu 5 m'magazi kwa oyendetsa galimoto wamba, ndipo England ndi Wales anaika 2 mu 2015, koma manambalawa ndi mizere imene aphungu anajambula kuti makhoti apeze pogwira. Kachipangizo kouzira kamene kangauze wapolisi motsimikiza kuti uyu waledzera chamba panopa, monga zilili ndi mowa, ndi kamene aliyense akukafuna.

Poti chida chotere palibe, boma linasankha njira yachidule: woyendetsa thiraki asakhudze chamba n'komwe, kaya ali pantchito kaya patchuthi. Ine ndimaona kuti chisankhochi chili ndi nzeru yake, chifukwa pakati pa kulakwira dalaivala wosaledzera ndi kulekerera woledzera ndi matani 36, boma lililonse lingasankhe choyambacho. Chimene sindigwirizana nacho ndi chizolowezi chonena za anthu ogwa pa kuyezaku ngati kuti onse anagwidwa akuyendetsa ataledzera. Kabotolo sikanena zimenezo.

Mafuta a CBD ndi mlandu wa Douglas Horn

Pali msampha wina umene wakola ngakhale anthu amene sanasutepo. Mu 2018 America inalola ulimi wa hemp, chamba cha mafakitale chimene THC yake sipitirira 0.3 pa 100. Kuchokera pamenepo mafuta, maswiti ndi zodzola za CBD, chinthu china chopezeka m'chamba, zinadzaza m'masitolo, ngakhale m'malo omwetsera mafuta mmene madalaivala amaima. CBD siledzeretsa ndipo labotale siifufuza. Vuto n'lakuti zolembedwa pabotolo sizikhala zoona nthawi zonse, ndipo mabotolo ena amakhala ndi THC yokwanira kuonekera mumkodzo munthu akamamwa tsiku lililonse. Mu February 2020 DOT inachenjeza poyera kuti kunena kuti ndinangomwa CBD si chifukwa chimene MRO angalandire.

Douglas Horn anakumana nazo lamulo la hemp lisanabwere n'komwe. Anali dalaivala wa thiraki wa zaka zambiri, ndipo mu 2012 anachita ngozi imene inamusiyira ululu wa msana ndi phewa. Anaona malonda a mankhwala a CBD otchedwa Dixie X, amene ankati mulibe THC ngakhale pang'ono, ndipo anagula n'kumwa. Patapita milungu yochepa dzina lake linatuluka m'maere, mkodzo unasonyeza THC, ndipo atakana kulowa pologalamu ya anthu ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, poti ankati kutero n'kuvomera mlandu umene sanapalamule, anachotsedwa ntchito. Anaitanitsa botolo lina n'kulitumiza ku labotale payekha, ndipo munapezeka THC. Anasumira makampani opanga mankhwalawo pogwiritsa ntchito lamulo la RICO, limene linapangidwira magulu a zigawenga ndipo limalola wodandaula kulandira chipukuta misozi chowirikiza katatu. Makampaniwo anati lamuloli silikhudza zovulala za m'thupi. Pa 2 April 2025 khoti lalikulu kwambiri linagamula, majaji asanu kwa anayi, kuti kutayika kwa ntchito kotere sikungakanidwe pa chifukwa chokhacho chakuti kunayambira m'thupi. Chigamulochi sichinamupatse ndalama, chinangomutsegulira khomo loti mlandu upitirire. Werengani zakazo: kuchoka 2012 kufika 2025.

Pambuyo pa kugwa

Zotsatira zikangotsimikizidwa, bwana ayenera kumutsitsa dalaivalayo m'thiraki nthawi yomweyo. Ngati ali kutali ndi kwawo, thiraki imaima pomwepo kudikira wina. Lamulo la boma silinena kuti achotsedwe ntchito, komanso silinena kuti asungidwe. Zimenezo ndi za kampani, ndipo makampani ambiri amachotsa, chifukwa a inshuwalansi ndi maloya amadziwa mmene nkhani imamvekera m'khoti thiraki ikapha munthu n'kudziwika kuti dalaivalayo anagwapo kale.

Njira yobwerera ilipo, koma ndi yokwera. Dalaivala amakaonana ndi katswiri wovomerezeka wotchedwa SAP, amene amamufunsa za moyo wake n'kulamula maphunziro kapena chithandizo. Akamaliza amabwereranso kwa katswiriyo kuti atsimikize kuti watsatira. Kenako amayezedwa mkodzo munthu akuonerera, atakweza malaya ndi kutsitsa buluku kuti zioneke kuti sanabise kanthu. Akapambana amaloledwa kuyendetsa, koma m'miyezi 12 yoyamba amayezedwa mwadzidzidzi kosachepera kasanu ndi kamodzi, konse moonereredwa, kuwonjezera pa maere a masiku onse, ndipo SAP akhoza kutalikitsa zimenezi mpaka zaka zisanu. Lamulo silikakamiza bwana kulipira chilichonse mwa izi. Nthawi zambiri ndalama zimatuluka m'thumba la munthu amene malipiro ake angoima kumene.

Kale anthu ankazemba. Kampani yatsopano inkayenera kufunsa makampani amene munthu anagwirako zaka zitatu zapitazo, ndiye wogwa ankangosiya kutchula kumene anagwera, kapena kusamukira chigawo china. Wogwa pa kuyezedwa kofunsira ntchito ankangodikira milungu itatu n'kukagogoda khomo lina, popanda wodziwa. Khomo limeneli linatsekedwa pa 6 January 2020, pamene FMCSA inatsegula kaundula wa pa intaneti wotchedwa Drug and Alcohol Clearinghouse. Aliyense wogwa kapena wokana amalembedwamo. Kampani iyenera kuyang'anamo isanalembe dalaivala, ndiponso kamodzi pachaka kwa aliyense amene ili naye. Dzina limakhalamo zaka zisanu, kapena mpaka munthu atamaliza ndondomeko yonse yobwerera, kutengera chimene chachedwa. Kwa amene sanayambe n'komwe, mlandu suola. Ngakhale wophunzira amene ali ndi chilolezo chongoyembekezera, akagwa pa kuyezedwa kwake koyamba, amalowa m'kaundulayu asanalandirepo malipiro a mwezi umodzi.

Kuyambira pamene kaundulayu anatsegulidwa, chamba ndi chimene chakhala patsogolo chaka chilichonse, ndipo chimatenga zoposa theka la zotsatira zonse zogwetsa anthu. Pofika mu 2024 madalaivala oposa 150,000 anali oletsedwa kuyendetsa, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi alionse anali asanayambe n'komwe njira yobwerera. Nambala yachiwiriyi ndi imene imandiimitsa. Ena mwa anthuwa mwina anasankha chamba kusiya thiraki, ndipo ndi ufulu wawo. Koma ambiri anawerengetsera: ndilipire katswiri, ndilipire maphunziro, ndikhale miyezi osalandira kanthu, kenako ndikapemphe ntchito kwa mabwana amene akangoona dzina langa m'kaundula amatseka faelo. Kuyezedwa kotsatira kuja kumafuna kuti ukhale ndi bwana wokuyeza, pamene bwana safuna munthu amene ali pa kuyezedwa kotsatira. Ndiye munthu amapita kukagwira ntchito ya zomangamanga kapena m'nyumba zosungira katundu. Makampani omwewo ndi amene amadandaula chaka ndi chaka kuti madalaivala akusowa.

Pa 18 November 2024 chingwe chinamangitsidwanso. Kuyambira tsikulo, zigawo zinayamba kukakamizidwa kuchotsa mphamvu ya CDL pa laisensi ya aliyense amene ali woletsedwa m'kaundula. Poyamba munthu ankatsala ndi khadi lake m'thumba, ndipo bwana wosasamala ankatha kumupatsa makiyi. Tsopano laisensiyo imatsitsidwa kukhala ya galimoto wamba mpaka atamaliza zonse. Kwa dalaivala wobwera kuchokera kunja, ndipo m'ntchitoyi alimo ambiri ochokera ku India, kum'mawa kwa Ulaya ndi ku Africa kuno, pali chiopsezo chinanso: nkhani za anthu olowa m'dziko zili m'manja mwa boma lalikulu lomwe lija, ndipo mu 2019 ofesi yoona za unzika inanena kuti kugwiritsa ntchito chamba kukhoza kulepheretsa munthu kulandira unzika ngakhale m'chigawo chimene chinachilola.

Tsitsi ndi malovu

Makampani ena akuluakulu, monga J.B. Hunt ndi Schneider, amaona kuti mkodzo ndi wosakwanira, ndipo amameta kansinga ka tsitsi pafupi ndi khungu kwa ofunsira ntchito. Tsitsi limasunga mbiri ya masiku pafupifupi 90, ndiye limagwira ngakhale wa cocaine amene akanapulumuka pa mkodzo. Nyumba ya malamulo inalamula mu 2015 kuti pakonzedwe ndondomeko yoyezera tsitsi, koma ntchitoyo yakhala ikukwawa, choncho kuyeza tsitsi ndi kwa kampani payokha ndipo sikulowa m'malo mwa mkodzo. Bungwe la madalaivala a mathiraki awoawo, OOIDA, limatsutsa njirayi. Otsutsa amati utsi wa ena ukhoza kumamatira kutsitsi, ndiponso kuti tsitsi lakuda bii limagwira mankhwala ena kuposa loyera, zomwe zingapweteke anthu akuda. Palinso za chipembedzo: mu 2016 J.B. Hunt inavomera kulipira madola 260,000 kwa amuna anayi achi Sikh, amene chikhulupiriro chawo chimaletsa kumeta, pa madandaulo okhudza kuyezedwa kofunsira ntchito. Pa funso lathu lija la kuledzera, tsitsi limatipititsa kutali kwambiri: m'malo mwa milungu, likuweruza miyezi itatu.

Malovu ndi amene amayandikirako. Amasonyeza THC yeniyeniyo osati phulusa lake, ndipo imaonekera kwa maola ochepa mpaka tsiku limodzi kapena awiri. Kathonje kamaikidwa m'kamwa woyang'anira akuona, popanda wovula buluku kapena wodikira maola atatu ndi botolo la madzi. DOT inavomereza njirayi mu May 2023, koma inati iyambe pokhapokha malabotale awiri atavomerezedwa ndi unduna wa zaumoyo, imodzi yoyeza botolo loyamba, ina lachiwiri. Chaka cha 2024 chinatha popanda labotale ngakhale imodzi yovomerezedwa. Ndipo ngakhale njirayi ili m'malamulo, wosankha pakati pa mkodzo ndi malovu ndi bwana, osati dalaivala.

Nkhaniyi si ya ku America kokha, ngakhale kaundula wonga uja ndi wa kumeneko. Ku Malawi lamulo la 2020 linalola chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhala ndi ziphaso, koma kusuta fodya wamkulu n'kolakwabe, ndiye mpungwepungwe wa maboma awiri sunafike. Ku South Africa, kumene madalaivala athu ambiri amapita ndi katundu kudzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge, ndiponso kumene ena amalembedwa ntchito, zinthu zinasintha mu September 2018 pamene khoti loona za malamulo aakulu a dziko linalola munthu wamkulu kusuta chamba kwa iye yekha pamalo obisika. Antchito ena anamva ngati chigamulochi chawamasula ku malamulo a kuntchito. Mu 2022 khoti la zantchito linavomereza kuchotsedwa kwa antchito awiri a kampani ya magalasi ya PFG Building Glass amene anapezeka ndi chamba m'thupi, poti ankagwira ntchito pamalo oopsa ndipo lamulo la kampani ankalidziwa. Mu April 2024 khoti la apilo la zantchito linagamula mbali ina pa mlandu wa Bernadette Enever, amene Barloworld Equipment inamuchotsa chifukwa cha mkodzo wake ngakhale ankasutira kunyumba ndipo palibe anasonyeza kuti analedzerapo pantchito. Khotilo linalamula kuti alipidwe malipiro a miyezi 24, koma linatsindika kuti mayiyu ankagwira ntchito ya mu ofesi, ndipo linasiyanitsa nkhani yake ndi ya anthu oyendetsa makina akuluakulu. Dalaivala amene akutsika mapiri a Van Reenen kulowera ku Durban ndi ngolo ziwiri kumbuyo ali m'gulu lachiwirilo.